Za Umoyo Wathu: Mimba ya "Bwana"

Mwana akatsika basi kucokera ku Lusaka, mimba iri patsogolo, mabatani a malaya osakumana, ife akumudzi timakondwa ndi kunena kuti, "Tauni yamuyanja." Sitilakwa kwenikweni, pakuti amene anaona zaka za m'ma 1990, pamene munthu woonda anali kunong'onedwa m'njira, sangaiwale msanga. Komabe mimba yotere iyenera kuyang'anitsidwa.

Taganizirani mai wa pa kantemba ku Kalingalinga, kufupi ndi mseu wa Alick Nkhata. M'mawa ndi tiyi wa shuga wambiri ndi vitumbuwa. Masana ndi nsima ya ufa woyera wa breakfast, osati mgaiwa umene anakulira. Khasu analisiya kumudzi; tsiku lonse ali cikhalire pa mpando. Amuna awo, ngati ndi oyendetsa minibasi, nawonso ngokhala pansi, ndipo madzulo amaonjezapo mowa.

Zakudya zotere zimasanduka shuga msanga m'mwazi. Pamenepo thupi limatulutsa insulini, madzi amene nchito yake ndi kulowetsa shuga m'minofu ndi kusunga wotsala monga mafuta. Zikamacitika tsiku ndi tsiku, minofu imayamba kugontha, osamveranso insulini, ndipo thupi limatulutsa yocuruka koposa. Mafuta amaunjikana mkati mwenimweni, mozinga matumbo ndi ciwindi. Amenewa ndiwo oopsa kuposa a m'ncafu, cifukwa amaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa mwazi ndi nthenda ya mtima.

Nkhawa nayo iri ndi mbali yake. Munthu wosagona cifukwa ca lendi ndi ngongole ya kaloba amacurukitsa madzi ena ochedwa cortisol, amene amautsa njala ndi kukankhira mafuta kumimba. Amai akasiya kusamba, madzi a cikazi amacepa, ndipo mafuta amene kale anali kukhala m'ciuno amayamba kusonkhana pamimba, ngakhale mai sanaonjeze cakudya. Apongozi asafulumire kuwanena umbombo.

Kafukufuku wa boma wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anai m'Zambia anali wonenepa kupyola muyeso, ndipo akazi ndiwo anacuruka.

Tiyi wa m'mapaketi amene amati amasungunula mimba ngongotaya ndalama, ndipo lamba wothina amangobisa. Mafuta a mkatiwa amamvera kuyenda mofulumira mphindi 30 masiku ambiri pa sabata, kucepetsa shuga ndi mowa, kudula nthongo za nsima ndi kucurukitsa ndiwo za masamba ndi nyemba, ndiponso tulo tokwanira.

Mlendo wanu akabwera, tengani cingwe, muyese msinkhu wake kuyambira kumutu kufikira kuphazi, mucipinde pawiri ndi kucizunguliza pamcombo. Nsonga zikalephera kukumana, muuzeni kuti akabwerera apite ku kiliniki akapimitse shuga ndi mwazi. Yesani ndi a mfumu omwe, ngati angalole.