Nyanja ya Chilwa: tisamangonamizira nyengo

Nyanja ya Chilwa ikangoyamba kuphwa, yankho limakhala lili kale pakamwa: kusintha kwa nyengo. Andale amatero, mabungwe amatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndikukana. Mawu amenewa tawasandutsa bulangete lofunditsa zolakwa zathu.

N'zoona kuti nyanjayi imaphwa kuyambira kalekale. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo moyo wake uli pa mvula ya kumapiri a Zomba ndi Mulanje. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato a ku Kachulu anangoti mbwee pamatope ong'aluka. Koma mlandu wa chilala ukulekera pati, ndipo wa nkhwangwa ndi khasu ukuyambira pati? Funso limeneli silofunika kuombeza.

Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo kuyambira 2008 zithunzizo n'zaulere. Katswiri wa mapu a pakompyuta (GIS) amatenga chithunzi cha nyanja, n'kusanjikapo mapu a nkhalango, a minda, a mitsinje ndi a kagwedwe ka mvula, chaka ndi chaka. Akatero amaona gombe likubwerera m'mbuyo. Amaona chaka chimene mitengo inatha m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, Domasi kapena Phalombe, ndi pamene madimba anafika mpaka pamlomo pa mtsinje. Madzi akachepa m'chaka cha chilala, imeneyo ndi nyengo. Koma mvula ikagwa mokwanira, mitsinje n'kumabwera yofiira ndi dothi lokokoloka kumtunda, n'kuuma msanga chilimwe chisanafike pakati, pamenepo mitambo tiileke, tidzifunse tokha.

Chondipweteka n'chakuti luso limeneli tili nalo. Achinyamata akuliphunzira m'mayunivesite athu, mapu akujambulidwa. Nanga amathera kuti? M'malipoti a Chingerezi ndi m'misonkhano ya m'mahotela. Msodzi wa matemba wa pachilumba cha Chisi, amene nyanja ikauma ana ake amagona ndi njala, sawaona. Mfumu imene ikugawa malo m'mbali mwa mtsinje siwaonanso, chonsecho Chilwa ili m'kaundula wa madambo otetezedwa wa Ramsar kuyambira 1996.

Makhonsolo a Zomba, Machinga ndi Phalombe asindikize mapuwa pamapepala akuluakulu, mawu ake akhale a Chichewa ndi Chiyao, awatengere kubwalo la mfumu ndi kumakomiti a asodzi. Anthu aloze ndi chala mudzi wawo, aone mmene unalili mu 1990 ndi mmene ulili lero. Ndipo aliyense wopempha chilolezo chodula mitengo kapena kupatutsa madzi a mtsinje, ayambe wayankha zimene mapuwo akuonetsa.