Batani lofiira la pa wailesi ya m'boti silipulumutsa lokha

Nyengo ya mwera ikafika pa Nyanja ya Malawi, funso lakale limabweranso: boti likayamba kumwa madzi pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, ndani adzadziwe, ndipo adzalifuna pati? Nyanjayi siichepetsedwa. Mu 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwake m'namondwe, anthu 145 nataya miyoyo yawo.

Wailesi zambiri za VHF zimene zikugulitsidwa lero zili ndi batani lofiira lobisika pansi pa kachivindikiro. Njira imeneyi imatchedwa DSC, ndipo ndi mbali ya dongosolo la padziko lonse lopulumutsira anthu panyanja, GMDSS, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 February 1999. Munthu akalisindikiza kwa masekondi ochepa, wailesi imatumiza uthenga wa ngozi pa tchanelo 70, ndipo wailesi zina za DSC zimene zaulandira zimalira mokweza. Uthengawo umabwerezedwa wokha pafupifupi mphindi zinayi zilizonse kufikira wina atauyankha. Kukambirana ndi mawu kumapitirira pa tchanelo 16. Ngakhale mwana wokwera m'botimo angathe kuchita zimenezi woyendetsa atavulala.

Komatu apa ndi pamene eni maboti ambiri amapunthwa. Batanilo limadalira nambala ya manambala asanu ndi anayi yotchedwa MMSI, yomwe ili ngati dzina la botilo. Atatu oyambirira amasonyeza dziko: a Malawi ndi 655, a Mozambique 650. Wailesi zambiri zimakana kutumiza uthenga wa DSC ngati nambalayi sinalowetsedwe. Choopsa kuposa apo ndi wailesi yogula kwa munthu wina, makamaka yochokera kunja, yomwe ikadali ndi nambala ya mwini wake wakale. Yoteroyo imaitana thandizo m'dzina la boti lina, la dziko lina, ndipo ofufuza amataya nthawi kufunsa za anthu amene ali gone kunyumba kwawo. Opanga ambiri amalola kulowetsa nambalayi kamodzi kokha, kotero kuifufuta kumafuna katswiri. Nambala yopeka nayo n'chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi GPS. Wailesi yosalumikizidwa nayo imanena kuti kuli ngozi koma osatchula malo, pa nyanja yotalika makilomita oposa 500.

Tisabise: mafunde a VHF sapita patali, ndipo mapiri a m'mbali mwa nyanja amawatchinga. Kawirikawiri woyamba kumva ndi boti limene lili pafupi, ngati wailesi yake ili yoyatsa. Woizimitsa pofuna kusunga batire amatseka khutu kwa mnzake.

Unduna uno ukupempha eni maboti onse kuti aone wailesi zawo asananyamuke, ndipo afunse ku MACRA za chiphaso cha wailesi ndi nambala yoyenera. Wosindikiza batanilo mwangozi asangozimitsa wailesi n'kukhala chete; alengeze pa tchanelo 16 dzina la boti, nambala yake, ndi kuti kulibe ngozi.