Lamulo la Vakabu Lidakali M'mitima Mwathu



Pa 10 Januwale 2017, oweruza atatu a khoti lalikulu ku Blantyre adagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu ndi zilango, yomwe idali mbali ya lamulo lija tonse timalidziwa ndi dzina loti vakabu, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Amene adayambitsa nkhaniyi adali a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, omwe apolisi adawagwira m'bandakucha wina m'mwezi wa Malichi 2015 ali pa ulendo wa ku Limbe kukachita malonda awo. Sadabe kanthu, sadamenye munthu. Ndimeyi inkalola kumanga munthu wopezeka pamsewu pa nthawi yoti wapolisi angamuganizire kuti ali ndi cholinga choipa. Ndipo tonse tikudziwa kuti wodutsa usiku pagalimoto saganiziridwa. Woganiziridwa ndi woyenda pansi, wovala zigamba, wogona pakhonde la sitolo.

Lamuloli silidabadwire kwathu kuno. Lidabwera ndi atsamunda m'buku la milandu la Nyasaland lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1930, ndipo muzu wake ndi lamulo la ku England la 1824, lolembedwa nkhondo za Napoleon zitatha, pamene misewu idadzaza ndi asilikali opuma ndi anthu osowa ntchito. Lamulo la ku England lija lidaika kupemphetsa ndi kugona panja m'gulu la milandu. Pa 4 Disembala 2020, khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe lili ku Arusha, lidanenanso kuti malamulo otere amaphwanya ufulu chifukwa amalanga munthu kaamba ka umphawi wake, osati kaamba ka chimene wachita.

Oweruza adachita mbali yawo. Chotidetsa nkhawa ife n'chakuti ndime imene idafafanizidwa m'buku ikugwirabe ntchito m'maso mwathu ndi pakamwa pathu. Tikaona munthu atatambasula dzanja, timamugamula asadatsegule n'kamwa komwe, ndipo umboni wathu ndi womwe uja wa wapolisi wa usiku: maonekedwe ndi malo amene tamupeza.

Tamvani zimene timalankhula minibasi ikaima pamaroboti mayi wobereka mwana n'kufika pawindo. Wina amati awa ndi aulesi chabe. Wina amati kwawo ali ndi nyumba ya malata. Wina, amene sadamutsatirepo mayiyo ngakhale tsiku limodzi, amalumbira kuti ndalamazo zimathera ku kachasu. Ndiye pamakhala wanzeru wa m'minibasi amene amatseka nkhani ponena kuti musamawapatse, mukuwazoloweza. Tonse timagwedeza mitu, ndipo mitima imakhala pansi, chifukwa tapeza chifukwa chomveka chosayang'anira kuwindoko. Ngakhale mawu akusintha tanthauzo. Liwu loti masikini, lomwe lidatifika kudzera m'Chiswahili kuchokera ku Chiarabu, tanthauzo lake ndi munthu wosauka basi. Lero munthu akati "kuli ana masikini uko", aliyense amagwira foni yake zolimba.

Sitikufuna kunamizana. Mantha amenewa ali ndi pochokera. Alipo amayi amene adalandidwa zikwama madzulo ndi magulu a anyamata okulira mumsewu, ndipo kuuza mayi wotere kuti mantha ake ndi tchimo kungakhale kumulakwira kawiri. Alipo akuluakulu amene amatuma ana kukapempha n'kumawalanda ndalamazo dzuwa likalowa. Alipo ana a msinkhu wa Sitandade 3 amene tsiku lonse amatsogolera kholo losaona m'misewu ya Limbe, Lachisanu makamaka, pamene amalonda ambiri achisilamu amapereka zachifundo pamakomo a masitolo awo. Aliponso onyenga, monga mmene aliri m'maofesi ndi m'makomiti a tchalitchi. Koma onani kusiyana kwake: mlembi mmodzi akaba sitinena kuti alembi onse ndi mbava, pamene wopempha mmodzi akatinamiza timatsekera onse chitseko kwa moyo wathu wonse.

Funso limene sitikonda kufunsa ndi lakuti munthuyu wafika bwanji pamenepa. Palibe amene adabadwira pansi pa mlatho wa Lilongwe kapena m'mphepete mwa Mudi popanda mudzi umene makolo ake adachokera. M'malichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 600,000 adasowa pokhala. Misasa itatsekedwa, si onse amene adali ndi kobwerera. M'Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo banja limene linkadya kawiri patsiku ndi ndalama ya maganyu lidayamba kudya kamodzi. Izi ndi zimene timazitchula mosavuta, chifukwa wolakwa ndi mvula kapena boma.

Zilipo zina zimene zimatikhudza ife eni. Agogo ena amene timawaona atakhala pakhomo la banki adathawa kumudzi atanenedwa kuti ndi mfiti, mwina ndi adzukulu awo omwe, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mayi wina adalandidwa nyumba ndi abale a mwamuna wake maliro asadazizire, ngakhale kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kutero ndi mlandu. Mnyamata wina adachoka pakhomo chifukwa bambo womupeza sankafuna kumuona pambale ya nsima. Winanso adadwala matenda a m'maganizo, abale adatopa naye, ndipo m'malo momutengera kuchipatala ku Zomba kapena kwa abale a St John of God adangomusiya kuti aziyenda. Timakonda kunyadira kuti kwathu kuno mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndi kuti kale kumudzi kudalibe wogona panja chifukwa kudali mphala ndi gowelo. N'zoona. Koma kumbuyo kwa anthu ambiri ogona m'makonde kuli chitseko chimene wina adatseka, ndipo otseka zitsekowo ambiri ndi obatizidwa, ena a iwo amayimba kwaya.

Mthenga Wabwino uli ndi chizolowezi chimene chiyenera kutichititsa manyazi: umasunga maina a opempha. Marko woyera, pofotokoza za munthu wosaona amene ankapempha m'mbali mwa njira ya ku Yeriko, adalemba dzina lake, Bartimeyo, ndi la bambo wake lomwe. Amene ankamukalipira kuti akhale chete sadali adani a Yesu ayi, adali anthu a m'gulu loyenda naye. M'mafanizo onse a Ambuye, munthu yekhayo wosimbidwa amene adapatsidwa dzina lakelake ndi Lazaro, wogona pachipata cha munthu wachuma, pamene wachumayo dzina lake silidatchulidwe. Ndipo tikawerenga mofatsa mutu 16 wa Luka woyera, sitipeza pamene wachumayo adamenya Lazaro kapena kumupirikitsa. Ankangomudutsa. Chodabwitsa n'chakuti atafika m'mazunzo adamutchula dzina, kusonyeza kuti ankamudziwa masiku onse aja. Petro woyera naye, pachipata cha Nyumba ya Mulungu, adalibe ndalama yopatsa munthu wopuwala uja. Chimene adayamba kuchita ndi kuima n'kumuyang'anitsitsa.

Amene tidadutsako ku seminale timakumbukira mbiri ya Benedikto Yosefe Labre woyera, Mfalansa amene nyumba zingapo za amonke zidamukana. Adakhala moyo wake akuyenda pansi kuchoka pamalo oyera ano kupita ena, ankagona m'mabwinja a Colosseum ku Roma, ndipo adakomoka pamasitepe a tchalitchi n'kukamwalirira m'nyumba ya wogulitsa nyama pa 16 Epulo 1783, ali ndi zaka 35. Eklezia adamulengeza kukhala woyera mu 1881. Akadafika pakhomo la tchalitchi chathu Lamulungu m'mawa ndi nsanza zake ndi nsabwe zake, sitikudziwa ngati osungitsa bata athu akadamulola kudutsa pabenchi lomaliza.

Tsono tipereke kapena tisapereke? M'chaka cha 2017, malemu Papa Fransisko adafunsidwa funso lomweli ndi magazini ya ku Milan yotchedwa Scarp de' tenis, yomwe imagulitsidwa ndi anthu osowa pokhala. Adayankha kuti kuthandiza n'koyenera nthawi zonse. Pa nkhani yoti munthuyo akamwera mowa, adatibwezera funso kuti tidzifunse zimene ife timachita mobisa pofuna kudzisangalatsa. Koma adatsindika kwambiri za kaperekedwe: osaponya ndalama, koma kumuyang'ana munthuyo m'maso ndi kumugwira dzanja. Papa Leo XIV, m'chikalata chake choyamba cha Dilexi te cha m'Okutobala 2025, akuti thandizo loposa ndi kumupezera munthu ntchito, koma pamene izi sizidatheke tisamusiye yekha, ndipo kupereka zachifundo kukhalebe njira yokumanirana ndi wosauka.

Pa nkhani ya akuluakulu, okalamba ndi anthu aulumali, ife tikuima pomwepo. Muli ndi K200, perekani. Mulibe, perekani moni wa ulemu wake, wa "agogo" kapena "bambo", monga mungachitire ndi wamkulu aliyense. Palibe amene adasauka chifukwa chonamizidwa K200, ndipo ambiri a ife timataya zoposa pamenepo pa mayunitsi tsiku lisadathe.

Pa nkhani ya ana maganizo athu ndi ena. Amene agwira ntchito ndi ana a mumsewu kwa zaka zambiri, monga a Tikondane ku Lilongwe, a Chisomo Children's Club ndi a Samaritan Trust ku Blantyre, cholinga chawo ndi kubwezera mwana kubanja ndi kusukulu, ndipo ndalama ya pamaroboti imalimbana ndi cholinga chimenechi. Mwana amene wazolowera kugwira ndalama tsiku lililonse savomera msanga kukakhala pansi m'kalasi ali ndi njala, ndipo wamkulu amene amamutuma sangamumasule ndalama zikubwera. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limaona mwana wosiyidwa kuti azipempha mumsewu ngati wosowa chisamaliro ndi chitetezo. Tsono akatiuza kuti tisamapatse ana ndalama, pali nzeru. Vuto ndi lakuti langizoli lili ndi mbali ziwiri, ndipo ife tidatolapo mbali yotsika mtengo. Mbali inayo imati ndalama ija ndi nthawi ija muzipititse kwa amene akufufuza kwawo kwa mwanayo, kapena mugule yunifomu ya mwana wa m'mphakati mwanu amene watsala pang'ono kuthawira kutauni. Amene wasiya kupereka pawindo koma sadayambe kupereka kwina kulikonse asadzinamize kuti akutsata uphungu wa akatswiri; wangopeza pobisala.

Apa ndi pamene mphakati uli ndi mphamvu yoposa boma. Thandizo la Mtukula Pakhomo, lomwe lidayambira ku Mchinji mu 2006, limafikira mabanja ochepa osaukitsitsa, ndipo wogona pakhonde la sitolo, wopanda mudzi womulembera, savuta kudumphidwa. Koma mphakati umadziwa nyumba imene mwalowa bambo wopeza wankhanza, umadziwa mayi wamasiye amene alamu ake ayamba kuyeza malo, umadziwa agogo amene ana ayamba kuwaloza chala. Bungwe la Vinsenti wa Paulo woyera, lomwe timaliona ngati la okalamba, lidayambitsidwa ku Paris mu 1833 ndi Frédéric Ozanam ndi anzake, ophunzira a payunivesite, iye ali ndi zaka 20 zokha, ndipo ntchito yawo yoyamba idali kuyendera osauka m'nyumba zawo. Kuyendera mwana adakali pakhomo n'kosavuta kuposa kukamufuna ku depoti ya Wenela patapita zaka ziwiri.

Pa 31 Januwale 1983, mayi wina wokalamba wosowa pokhala, dzina lake Modesta Valenti, adadwala mwadzidzidzi pasiteshoni ya sitima ya Termini ku Roma. Ambulansi idabwera, koma ogwira ntchito adakana kumunyamula chifukwa adali wauve, ndipo adamwalira pomwepo atavutika kwa maola angapo. Gulu la Sant'Egidio, lomwe kuno timalidziwa ndi zipatala za DREAM, limachita mwambo wa Misa chaka ndi chaka pokumbukira mayiyu, ndipo pamwambowo amawerenga maina a anthu amene adafera mumsewu, dzina lililonse ndi kandulo yake. Kuno kwathu, zipatala zikuluzikulu nthawi ndi nthawi zimalengeza za mitembo yosowa abale, yomwe pamapeto pake imakaikidwa popanda nyimbo, popanda wolira, m'dziko limene maliro a munthu wamba amaimitsa mudzi wonse.

Tsiku la Osauka pa Dziko Lonse, lomwe lidayamba kukumbukiridwa pa 19 Novembala 2017, limakhala Lamulungu la 33 la pachaka. Tikupempha gulu la achinyamata kuti pofika tsikulo, mphakati uliwonse udzabwere ndi maina a anthu amene amapempha kapena kugona panja m'dera lake, kwawo kumene adachokera, ndi wachibale mmodzi amene angapezeke. Mupite awiriawiri, masana, mutatenga chakudya, ndipo musajambule munthu aliyense chithunzi. Amene sakufuna kunena dzina lake musamukakamize. Mudzapitenso sabata yotsatira.