Zilonda za pa Chigongono cha Wodwala

Posamalira wodwala amene wagona pamphasa masiku ambiri, maso athu amathamangira kumsana ndi kuzidendene, koma chigongono, pamene fupa lili pafupi ndi khungu, timachiiwala. Ndipo thupi likachitsamira osasuntha, magazi amaleka kufikapo bwino, khungu limada, limatentha, limalimba, kufikira chilonda chitatseguka. Chonde, muzimutembenuza maola 2 alionse, muike mtsamiro pansi pa mkono kuti chigongono chisakhudze mphasa, ndipo pomusuntha muzimunyamula, osamukoka. Malo odawo musawatikite. Popeza mutu umodzi susenza denga, usiku muzisinthana pabanja. Chilonda chikayamba mafinya kapena fungo, kapena wodwala akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo.