Chingwe ndi chomwecho

Mnzanga wina ataona pafoni yanga chojambula cha kauboyi womangidwa manja pampanda, mwamuna mnzake atamuimirira pafupi, anangoti “zonyansa izi” n’kundibwezera foni ngati khala lamoto.

Koma aise, m’mafilimu a akauboyi anthu amamangidwa, kukwapulidwa, kukokedwa ndi hatchi m’fumbi, iwe uli m’manja phwaphwaphwa. Chingwe ndi chomwecho. Chasintha n’chakuti uyu akumwetulira, wafuna yekha. Ndiye chakunyansa ndi nkhanza, kapena chilakolako cha amuna awiri?

Tom of Finland, dzina lake lenileni Touko Laaksonen, zojambula zake zinayamba kutuluka mu magazini ya Physique Pictorial ku America mu 1957, kwawo kugonana amuna okhaokha kukadali mlandu mpaka 1971. Mu 2014 positi ya Finland yomweyo inaziika pamasitampa. Pensulo sinasinthe.

Sindikuti zonse n’zapamwamba ayi. Amuna ake amafanana ngati njerwa za chikombole chimodzi, nthawi zina amanditopetsa. Koma ine ndimajambula. Tayesa kuonetsa chingwe chikudya khungu pamkono, minofu itakungika, nkhope yopanda mantha. Ndayesapo kangapo, manja amangotuluka ngati chinangwa.