Kapolo wa mbuye wacifundo akali kapolo

Ambili amati munthu amene amathela moyo wake pa mabuku a zaka 400 zapitazo amataya cabe nthawi. Ine nimatsutsa, ndipo mboni yanga ni Quentin Skinner.

Skinner anabadwa mu 1940 ku Oldham, m'dziko la England. Anaphunzila ku yunivesite ya Cambridge na kuphunzitsa komweko zaka zambili, ndipo mu 2008 anasamukila ku Queen Mary, ku London. Mu 1969, akali wacinyamata, analemba nkhani imene inakwiyitsa akulu-akulu a maphunzilo. Anati poŵelenga buku lakale la ndale, musangofunsa kuti wolemba anakamba ciyani. Funsani kuti anali kukangana na ndani, ndipo anafuna kuti mau ake agwile nchito yanji panthawiyo. Buku lake lalikulu la 1978, The Foundations of Modern Political Thought, linatsatila njila imeneyi.

Koma cimene cinanigwila mtima cili mu kabuku kocepa ka 1998, Liberty before Liberalism. Pofufuza mikangano ya ku England ya nthawi imene Mfumu Charles I inadulidwa mutu mu 1649, Skinner anafukula tanthauzo la ufulu limene linali litaiŵalika. Thomas Hobbes, mu Leviathan ya 1651, anaphunzitsa kuti uli na ufulu ngati palibe cokutsekeleza. Otsutsana naye, monga James Harrington, anatengela malamulo a Aroma: ngati moyo wako udalila cifunilo ca munthu wina, ndiwe kapolo, olo munthuyo asakumenyepo tsiku limodzi. Harrington anapeleka citsanzo ca nduna yolemela ya ku Constantinople, imene mutu wake unali kukhala pakhosi malinga ngati mfumu yakondwela.

Ganizilani bwino pamenepa. Kapolo wa mbuye wacifundo amadziŵa kuti cifundo cingathe mailo, conco amayamba kudzimanga yekha pakamwa, kusekelela nthabwala zosaseketsa, kutamanda mopitilila. Palibe amene wamuopseza. Aliyense amene anagwilapo maikolofoni pa wailesi, uku akuganizila amene ali na mphamvu pa laisensi kapena amene amalipila malonda, adziŵa mmene lilime limalemelela popanda wokuuza kuti khala cete. Kwa Hobbes, munthu wotelo ali mfulu ndithu. Kwa Harrington, iyai.

Ena amamudzudzula Skinner kuti maso ake sanacoke pa Ulaya, ndipo m'cidzudzulo cimeneci muli coonadi: Machiavelli, Hobbes na Milton ndiwo adzaza mabuku ake. Enanso amati kumanga buku ku nthawi yake n'kuliika m'manda. Apa ndiye nikana. Kukanakhala kuti anaŵelenga Harrington monga munthu wa masiku ano, akanangomvamo mau akuti ufulu na kupitilila, osaona kuti Hobbes anacita kulimbana mwadala kuti tanthauzo linalo lizimilile.