Walira Mvula Walira Matope

Ife a ku Mwanza tikhala pachipata cha dziko. Mseu wa M6 wochokera ku Zobue umabweretsa mathiraki a ku Beira, Harare ndi Johannesburg usana ndi usiku, ndipo pamene paima magalimoto posakhalitsa pamafika anthu a ndalama ofuna malo. Wina afuna kumanga nyumba zosanja zochititsa lendi, wina afuna bwalo loimikapo magalimoto. Sitikana zimenezi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'boma lathu lino muli anthu oposa 130,000, ndipo onsewa afuna pogona ndi ntchito. Chimene tikana ndi mkhalidwe wovomereza mapulani m'kachipinda, eni dera nkudzamvera kulira kwa makina ofukula nthaka.

Lamulo la mapulani la mu 2016 lidaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya kamangidwe. Tsono funso lakuti pamalo akutiakuti pamangidwe chiyani lili m'manja mwa khonsolo ngakhale kwathu kuno. Udindo umenewu ndi wolemera, pakuti pulani yoipa siifera papepala. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo ena mwa iwo adakwiririka ndi matope ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mvula idachokera kumwamba, inde, koma nyumba za m'matsitso a phiri sizidamere usiku umodzi ngati bowa. Zidamangidwa zaka ndi zaka, oyenera kuletsa akuona, oyenera kupereka malo abwino kwa osauka ali chete.

Alipo ena amene amati kufunsa anthu nkuchedwetsa chitukuko, ndipo mwini ndalama akatopa kudikira apita kwina. Tiwayankhe mosabisa. Mu 2018 khonsolo ya mzinda wa Blantyre idalola kuti chiboliboli cha Mahatma Gandhi chiimikidwe pa Ginnery Corner, boma la India litalonjeza nyumba ya misonkhano ya madola 10 miliyoni. Anthu adamva mochedwa, adakwiya, nkhani idafika ku khoti lalikulu, ndipo ntchito idaimitsidwa. Nanga chidachedwetsa ntchito nchiyani, kufunsa kapena kusafunsa? Safunsa adadya phula.

Papa Paulo VI, m'kalata yake Populorum Progressio ya mu 1967, adaphunzitsa kuti chitukuko chenicheni chiyenera kukweza munthu yense ndi anthu onse. Tiyeze pulani iliyonse ndi muyeso umenewu. Bwalo la magalimoto likamangidwa, amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa mseu apita kuti? Madzi a pa simenti yonseyo adzathamangira m'nyumba ya yani? Nyumba zosanjazo, mphunzitsi wa pulaimale kapena namwino adzatha kulipira lendi yake? Madzi akumwa ndi zimbudzi zidzakwanira? Ana athu aakazi amene amadutsa pamenepo popita ku sukulu adzatetezedwa bwanji? Walira mvula walira matope. Khonsolo yanzeru imayamba yawerenga matopewo isanasaine.

Tikumbukenso Naboti wa m'buku loyamba la Mafumu. Mfumu Ahabu sadayambe ndi lupanga, adayamba ndi mtengo wabwino. Munda udalandidwa pambuyo pa msonkhano wa akuluakulu a mzinda, mboni zilipo, zonse zikuoneka ngati zatsata lamulo. Tchimo la akuluakulu aja lidali kuopa wamphamvu koposa Mulungu. Khansala amene avomereza pulani chifukwa cha envelopu, kapena chifukwa mwini pulaniyo ndi wa chipani, akhala pa mpando womwewo.

Komabe mlandu suli pa makhansala okha. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo tidazolowera kuti zinthu zimangotigwera. Chizolowezi chimenechi chiyenera kutha. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho kupempha kuona pulani si mwano ayi. Maepiskopi athu adalankhula m'kalata ya mu Lenti wa 1992, pa nthawi imene kulankhula kunali kuika moyo pachiswe. Ife lero tiopa chiyani?

Nchifukwa chake tipempha zinthu zitatu. Khonsolo ilengeze pulani iliyonse yaikulu m'Chichewa, pa msika ndi pa wailesi, isanaikambirane. Mphakati uliwonse umene malo ake akhudzidwa uitane khansala wake ndi mfumu ya m'mudzi kuti adzafotokoze. Ndipo a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere pa parishi akakhale nawo pa zokambiranazo, adzauze mpingo zimene amva. Maziko akathiridwa simenti, madandaulo athu adzakhala madzi otayika, amene saoleka.